Suti Imene Inakwana M'chiuno Mokha

Kuseri kwa siteji ya mabasi kuli mzere wa timashopu tisanu ndi tiwiri tofolera denga limodzi. Chitseko chachitatu ukachokera ku mpopi ndi cha Mayi Telala. Ukalowa, usathamangire kuyang'ana madiresi opachikidwa pa waya. Yang'ana khoma la kumanzere kwa makina. Pali mizere iwiri ya manambala olembedwa ndi pensulo ya kalipentala. Mzere wa kumanja ndi wautali, watsika mpaka kufupi ndi simenti, ndipo Loweruka lililonse umawonjezereka. Wa kumanzere unaima pa sabata ya 34. Umenewo unali wa amuna awo. Mwini nyumba wabwera kawiri ndi chitini cha penti, kawiri konse wabwerera nacho chosatsegula.

Mayi Telala akhala pa makina zaka 30. Munthu akamatsika basi kutsidya kwa msewu, iwo amatha kunena chiuno chake osaphonya ndi inchi imodzi yomwe. Komabe sanadulepo nsalu ndi diso lokha. Lamulo lawo aliyense mumzerewo amalidziwa: muyeso umodzi sudula nsalu. Wofuna jekete amayezedwa khosi, mapewa, chifuwa, mkono, chiuno ndi kutalika, ndipo akakhala wothamangira basi amauzidwa kuti abwere mawa.

Amuna awo anawapeza pa tepi yomweyo. Anali mnyamata wa ukalipentala amene anzake ankamutchula Mapewa, chifukwa ankasenza zitseko ziwiri nthawi imodzi akuimba mluzu. Anabwera kudzasoketsa suti yotuwa. Mapewa ake anali mainchesi 20, chiuno 34. Sutiyo inatha pa ulendo wachiwiri, koma mnyamatayo anabwera kasanu, tsiku lina akuti batani lalendewera, tsiku lina akuti thumba lapendekeka. Ulendo wachisanu mtsikana wa pa makina anati, “Achimwene, sutiyi ilibe vuto. Nenani chimene mwadzera.” Ananena. Pa ukwati wawo anavala suti yomweyo, koma filimu ya wojambula inapsa yonse, ndipo banjalo linakhala lopanda chithunzi ngakhale chimodzi cha tsikulo. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi, amene anakula n'kukapeza ntchito kutali.

Zaka zinkapita, mainchesi n'kumabwera. A Mapewa ankayamba tsiku ndi theka la buledi woyera ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Masana mpunga wodzaza mbale, botolo la chakumwa chozizira pambali. Chakumadzulo mabanzi awiri oti atsekere pakhosi utuchi usalowe, monga ankanenera okha. Mayi Telala ankakulitsa mathalauzi mpaka nsalu ya m'misoko inatha, kenaka n'kumalumikiza zigamba kumbuyo. Chiuno chinafika 46. Suti yotuwa inalowa m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete.

Akulu awo a a Mapewa ndi amene anayamba kugwidwa ndi matenda a shuga. Anawadula chala, kenaka phazi, kenaka mwendo pansi pa bondo. Mathalauzi onse a alamu awowo anabwera pa makina a Mayi Telala kuti apinde mwendo wa kumanzere n'kuusoka kumapeto. Anasoka asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chimodzi mwini wake sanalivale n'komwe. Tsiku limenelo Mayi Telala analumbira mumtima kuti msoko umenewo sadzausokera mwamuna wawo.

Choncho a Mapewa atayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, n'kumasiya thabwa pa benchi kathamangira kuseri ola lililonse, akazi awo sanafunse zambiri. Anatseka shopu Lachiwiri m'mawa n'kuwatenga kuchipatala. Namwino anabaya chala, anayang'ana kamakina, n'kuyang'ana mimba ya a Mapewa.

“Shuga wakwera, bambo, koma sanafike poti tigwire mutu. Tiyamba ndi mapiritsi awa ndi mbale yanu.”

“Mbale yanga yalakwanji?”

Namwinoyo anatulutsa pepala. Anafotokoza kuti zakudya zambiri zikalowa m'mimba zimasanduka shuga, koma sizifika m'magazi pa liwiro limodzi. Zina zimathamanga, shuga n'kukwera nthawi yomweyo, kenaka n'kugwa, munthu n'kumvanso njala. Zina zimayenda pang'onopang'ono, munthu amakhuta nthawi yaitali ndipo thupi limayamba kutsika. Pa pepalapo chakudya chilichonse chinali ndi nambala yake.

“Zosapitirira 55 ndi anzanu. Kuyambira 70 kupita m'mwamba, muzingozipatsa moni patali.”

“Buledi woyera ali pati?” anafunsa a Mapewa.

“Cha m'ma 75.”

“Mayo ine. Nanga nyemba?”

“Cha m'ma 30.”

“Mwamva, mayi? Nyemba zakhoza mayeso, buledi walephera. Dziko latembenuka.”

Namwino anaseka, kenaka anakhazikitsa nkhope. Anati thupi lizitsika theka la kilo kapena kilo imodzi pa sabata, osati kugwa ngati thumba. Anati azibwera miyezi itatu iliyonse, ndipo akaona chachilendo asadikire tsiku. Potsiriza anagogoda mimba ya a Mapewa ndi cholembera. “Mdani wamkulu ndi uyu. Uyu akachepa, mwapulumuka.”

Mwa mawu onse a tsikulo, otsirizawa ndi amene analowa kwambiri m'khutu la Mayi Telala.

Anaitenga nkhaniyo ngati oda ya ukwati wa mawa. Pepala analimata pa chitseko cha kabati. M'mawa kunabwera phala la oti, mbewu yonga tirigu, lopanda shuga, lowaza mtedza, ndi dzira lowiritsa. Masana nyemba kapena mphodza, kabichi wambiri, nsomba ikapezeka, ndi mpunga woyezera kapu ya tiyi, osapitirira mlomo. Mbatata ya kachewere inachotsedwa ntchito. M'malo mwa mabanzi, a Mapewa ankapeza peyala kapena apozi m'thumba la ovolosi. Ndipo poti mwamuna sangadye nyemba mkazi akutafuna buledi pamaso pake, Mayi Telala analowa nawo. Iwonso sanali ochepa thupi, ndipo mayi awo anamwalira ndi matenda omwewo.

Kumapeto kwa mzerewo kuli bambo wogulitsa mbewu, amene ali ndi sikelo yaikulu yoyezera matumba. Loweruka lililonse m'mawa, asanadye kanthu, banjalo linkapita kumeneko. A Mapewa akakwera, wambewuyo ankasuntha chitsulo n'kufunsa, “Thumba ili tikugula kapena tikugulitsa?”

“Losagulitsa ili,” ankayankha Mayi Telala. “Werengani basi.”

Loweruka loyamba a Mapewa anali makilo 112, Mayi Telala 88. Atabwerera mushopu, anakulunga tepi m'chiuno mwa amuna awo, n'kusolola pensulo imene inali kukhutu kwawo n'kulemba pakhoma: kilo ndi chiuno, mzere wa bambo kumanzere, wa mayi kumanja. Kenaka anatsegula sutikesi n'kupachika suti yotuwa pa msomali, pamwamba pa manambalawo.

“Tsiku limene sutiyi idzakukwaneni, tidzajambulitsa chithunzi chimene anatiphera uja wa filimu.”

“Mainchesi khumi ndi awiri, akapitawo? Ndi nyemba zokha?”

“Ndi nyemba ndi ine.”

Miyezi itatu yoyamba inali yokoma, ndipo aliyense mumzerewo amaikumbukira. A Mapewa ankadandaula mokweza kuti anthu amve. Ankati m'mimba mwawo mwasanduka munda wa nyemba, kuti akayetsemula kumera mphukira. Akadutsa pa thebulo la mayi wa mabanzi ankavula chipewa n'kunena, “Pepani achikondi, anatilekanitsa.” Koma ankadya zimene apatsidwa, ndipo madzulo aliwonse awiriwo ankayenda wapansi kupita kunyumba m'malo mokwera basi, mphindi makumi anayi, akukangana za mayina a mitengo ya m'mbali mwa msewu. Atabwerera kuchipatala, a Mapewa anali pa 103, chiuno 43, shuga atatsika. Mayi Telala anali pa 84. Namwino anawaombera m'manja n'kulemba tsiku lina pa khadi.

Tsiku limenelo linagwera sabata imene sukulu zimatsegulira. Mushopu munali mulu wa mayunifolomu 140, makolo ataima pakhomo ngati pa chigayo. Kwa a Mapewa kunali madesiki. Mayi Telala anayang'ana khadi, anayang'ana khoma. Manambala ankatsika bwino lomwe. “Tikaonetsa chiyani kuchipatala chimene khomali silikunena?” anatero. Mapiritsi anakagula ku famase. Khadi linalowa pansi pa bokosi la mabatani, n'kukhala komweko.

Kuyambira mwezi wachisanu, mzere wa kumanzere unayamba kuthamanga. Kilo imodzi ndi theka, makilo awiri, sabata ina awiri ndi theka. Wa kumanja unaima pa 82 masabata asanu, osasuntha ngati bulu wokana katundu. Mayi Telala ankadya zofanana ndi amuna awo, mbale imodzimodzi, ndipo nsanje inawagwira pang'ono.

“Inu thupi lanu limamva. Langa ndi gonthi.”

“Khama, akapitawo. Muzitengera chitsanzo kwa ife akatswiri.”

A Mapewa anayamba kusiya chakudya m'mbale. Akazi awo anati ndiko kudziletsa kumeneko. Anayamba kudandaula msana, kuti ukupweteka mkati, makamaka akagona chagada. Kalipentala wanji wa zaka 54 wopanda msana? Anawasisita ndi mafuta otentha. Anabowola lamba kawiri ndi msomali, ndipo thalauzi lililonse linadutsanso pa makina, ulendo uno kuchotsa zigamba zija. Mayi Telala ankaimba pochotsa.

Mlongo wawo wa a Mapewa, mayi wogulitsa mapoto mumsika waukulu, anabwera Lachinayi lina. Anali atatha miyezi inayi osawaona achimwene ake. Anakawapeza ku benchi, n'kubwera mushopu osagogoda.

“Alamu, achimwene anga mukuwasunga kapena mukuwayanika?”

“Khalani pansi, alamu. Madzi?”

“Sindikhala. Munthu uja ndinamusiya ngati chitseko, ndamupeza ngati chogwirira chake. Mukumupatsa chiyani?”

Mayi Telala anadzuka n'kuloza khoma ndi sizasi. Anawerenga manambala kuyambira pamwamba, mmodzimmodzi, ngati mphunzitsi. Anatchula za 55 ndi 70. Anatchula mathalauzi asanu ndi limodzi aja.

“Mukufuna ndipindenso mwendo wina? Mmodzi sanakukwaneni?”

“Ine sukulu ya manambala sindinapite, alamu. Koma nkhope ya mwana wa mayi anga ndimaidziwa. Si kuonda kwabwino kumeneku.”

“Anthu munazolowera kuti mwamuna wodya bwino ndi wa mimba. Akachepa mukuti mkazi akumumana.”

Mlamuyo anatuluka osatsanzika. Mayi Telala anakhala pa makina n'kupalasa mwamphamvu mpaka singano inathyoka.

Sabata yotsatira mayi wa mabanzi anabweretsa siketi yoti aike zipi. Ali mkati mocheza anati, “Kasitomala wanga wabwereratu. Amagula awiri tsiku lililonse. Koma amangoluma kamodzi kawiri, otsalawo n'kupatsa anzake a ku benchi.” Mayi Telala anamva theka loyamba lokha. Madzulo, ali panjira yopita kunyumba, anayamba.

“Ndamva mwabwererana ndi mkazi wanu wakale.”

“Ndimangomupatsa moni, monga ananenera anamwino.”

“Ananena kuti patali.”

“Koma khoma likuti chiyani? Ndikutsika kapena sindikutsika?”

Ankatsika. Pamenepo panalibe chotsutsa. Anapitiriza ulendo. A Mapewa ankatsalira m'mbuyo pa chitunda cha pafupi ndi tchalitchi, chimene kale ankachikwera akuimba mluzu. Atafika pamwamba anapuma, n'kunena motsitsa mawu, mopanda nthabwala.

“Chakudya sichikundikomera masiku ano, mayi. Ndimafuna ndione ngati banzi lingandikomere. Nalonso ayi.”

“Ndiye kuti lilime lazolowera zabwino,” anayankha Mayi Telala, n'kuwagwira dzanja mokondwa.

Mawu amenewo amawabwerera mpaka lero, nthawi zambiri akamalowetsa ulusi m'singano.

Loweruka la sabata ya 34, wambewu anasuntha chitsulo, anayang'ana kawiri, ndipo sananene nthabwala yake ija. Anangoti, “78.” Mushopu tepi inazungulira chiuno n'kukumana pa 34 ndendende. Mayi Telala analulutira. Analemba pakhoma n'kuzunguliza nambalayo kawiri. Anatsitsa suti pa msomali, anaikuntha fumbi, n'kukankhira amuna awo kuseri kwa katani.

“Fulumirani, wojambula amatseka masana.”

A Mapewa anatuluka akumwetulira. Thalauzi linakhala bwino, batani la m'chiuno linatseka popanda kukoka mpweya. Koma jekete linali ngati lobwereka. Misoko ya pa mapewa, imene Mayi Telala anaisoka okha kuti ikhale pa fupa penipeni, inagwera m'mikono. Nsalu ya pachifuwa inapinda mizere. Kolala ya malaya inaima patali ndi khosi ngati mlomo wa ndowa.

Kumwetulira kwa Mayi Telala kunatha pang'onopang'ono. Analowetsa zala mu kolala: zinalowa zinayi. Anatenga tepi pakhosi pawo.

“Imani bwino.”

“Bwanji, akapitawo? Si yakwana?”

“Imani bwino, bambo.”

Anayeza monga amayezera kasitomala aliyense, monga sanawayezere amuna awo kwa masabata 34. Khosi, limene m'buku lakale linali 17, linali 14 ndi theka. Mapewa 18. Mkono pamwamba pa chigongono, umene unkadzaza mkono wa jekete, unali mainchesi 10. Pansi pa nsalu zala zawo zinkagunda mafupa okhaokha.

Telala aliyense wokhalitsa amadziwa chinthu chimodzi chimene sanachiphunzire kusukulu. Munthu amene wachepetsa thupi mwadala amabwera kudzachepetsa chiuno. Amene amabwera kudzachepetsa kolala ndi mapewa ndi wodwala. Mayi Telala anawaonapo ambiri oterowo pa zaka zonsezo, ndipo ena ankawadziwa eni ake asanadziwe. Koma pa mwamuna wawo ankayeza malo amodzi, pamene namwino anagogoda ndi cholembera. Nsalu imeneyi anaidula ndi muyeso umodzi.

Anawakokera pakhomo pamene pali dzuwa, n'kuwatukula chibwano. Moyera mwa maso munali chikasu.

“Vulani suti,” anatero. “Tikupita kuchipatala.”

“Nanga chithunzi?”

Mayi Telala ankafufuza khadi pansi pa bokosi la mabatani, mabatani n'kumwazika pansi.

Anatenga magazi, anajambula m'mimba, anawatumiza ku chipatala chachikulu, anajambulanso. Zinatenga masabata atatu. Dokotala, bambo wa imvi wolankhula mofatsa, anawakhazika m'kachipinda ka mipando itatu n'kunena kuti ndi khansa ya kapamba, ndipo yafika kale kuchiwindi. Kuchita opaleshoni sikukanathandiza. Chimene akanatha ndi kuchepetsa ululu.

A Mapewa anayang'ana manja awo. Mayi Telala ndi amene anafunsa.

“Adokotala, ndi chakudya chimene ndimawapatsa?”

“Ayi, mayi. Nyemba ndi masamba siziyambitsa matendawa. Munkawadyetsa bwino. Nthawi zina shuga wobwera mwadzidzidzi pa msinkhu uwu amakhala kuti ndi matenda omwewa akugogoda. Mwina anali atayamba kale tsiku limene munapita koyamba.”

“Tikanabwera mwezi wachisanu ndi chimodzi, tsiku la pa khadi?”

Dokotalayo anati, “Matendawa amabisala. Ambiri timawapeza mochedwa, ngakhale obwera pa nthawi yake. Sindinganene kuti zikanasintha.”

“Koma simunganenenso kuti sizikanasintha.”

“Sindinganene.”

Tsoka silinunkha, anthu anawauza choncho pambuyo pake, aliyense amene anabwera kudzazonda. Mayi Telala ankavomera ndi mutu. Koma mumtima ankadziwa kuti ili linanunkha, ndipo mlamu wawo analimva fungo ali pakhomo.

A Mapewa anakana kugona kunyumba okha masana. Anati denga la kunyumba analiwerenga malata onse, palibe chatsopano. Choncho anzawo a ku benchi anapanga mpando wautali wotsamira, n'kuuika mushopu pafupi ndi makina, pansi pa manambala. Mwana wawo anabwera n'kukhala masabata awiri, n'kubwerera ku ntchito akulira. Mlamu uja ankabwera masana aliwonse ndi supu m'botolo. Sanatchulepo za Lachinayi lija. Mayi Telala ankalakalaka akanatchula, akanatukwana n'kutukwana, koma mlamuyo ankangotsuka makapu n'kusesa ulusi pansi.

M'mawa wina a Mapewa anati, “Akapitawo, wandende amaloledwa kupempha chinthu chimodzi?”

“Pemphani.”

“Buledi woyera. Ndi tiyi wa masupuni anayi. Osati atatu ndi theka, ndikuonani.”

Mayi Telala anapita okha kukagula. Anadula chidutswa chokhuthala, anapaka majarini mbali zonse mpaka m'mphepete, anathira shuga akuwerenga mokweza. A Mapewa ananyika buledi mu tiyi, analuma kawiri, n'kuika pa mbale.

“Wakalamba mkazi wanga wakaleyu. Sakukoma ngati kale.”

Mayi Telala anaphimba nkhope ndi nsalu imene ankasoka.

“Miyezi isanu ndi itatu ndinakumanani, bambo. Mukanadya zimene mumakonda. Ndinakudyetsani nyemba pachabe.”

“Pachabe bwanji? Miyendo yanga nayi, iwiri. Werengani, si inu a manambala? Munalumbira kuti simudzapinda thalauzi langa. Simupinda.”

Kenaka a Mapewa analoza khoma ndi chibwano.

“Koma mzere wanuwo waima masabata asanu ndi awiri. Mukuganiza sindikuona? Dzulo mwadya mabisiketi ndi chakumwa cha m'botolo, mwabisa kuseri kwa makina.”

“Ndidyerenji bwino tsopano?”

“Mayi anu anapita ndi chiyani? Mukufuna mwana wathu adzapinde diresi? Ine matenda anga ndi ena, adokotala ananena. Anu ndi omwe aja a pa pepala. Loweruka mukakwere sikelo. Ndikufuna ndimve nambala.”

Loweruka anakakwera. Inali 83. A Mapewa analemba okha pakhoma, ndipo nambala imeneyo ndi yokhota kuposa zonse mumzerewo.

Kenaka anafunsa za chithunzi. Mayi Telala anati adikire apeze mphamvu. A Mapewa anati mphamvuzo zakwera basi ina, asazidikire. Choncho Mayi Telala anatsitsa jekete lotuwa n'kuliyala pathebulo. Anafuna kulichepetsa, anatenga choko, koma dzanja linakana kulemba pa nsalu imene anaidula ali mtsikana. M'malo mwake anasoka timapilo tiwiri ta thonje, tokhuthala, n'kutilowetsa mkati mwa mapewa. Kumbuyo anakoka nsalu n'kuigwira ndi mapini asanu ndi anayi. Kolala anaipinda kumbuyo n'kuibaya pini. Mlamu anawathandiza kuwaimiritsa pakhomo la shopu, dzuwa la m'mawa likuwawala kumaso.

“Musatembenuke, bambo, mapini angakubayeni.”

“Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri mukundibaya, lero ndiye ndiope?”

Onse anaseka, ndipo mlamu anajambula pa foni nthawi yomweyo. Pa chithunzipo a Mapewa ali ndi mapewa a mainchesi 20, ndipo Mayi Telala akuwayang'ana iwo m'malo moyang'ana kutsogolo.

A Mapewa anamwalira patatha masiku 19, masana, makina akulira pambali pawo, chifukwa ankati phokoso lake limawagonetsa bwino. Anawaveka suti yomweyo. Timapilo tija Mayi Telala sanatichotse. Pochotsa mapini akumbuyo kuti asoke bwinobwino, mlamu ndi amene anagwira nsalu, ndipo ali chogwira choncho anati, “Alamu, ine ndinaona nkhope, inu munaona manambala. Tonse sitinamutengere kuchipatala. Inenso ndinangokalipa n'kupita kukagulitsa mapoto.” Kuyambira tsiku limenelo awiriwa amadyera limodzi Lachinayi lililonse.

Papita zaka ziwiri. Pepala lija likadali pa chitseko cha kabati, lachita mafuta m'makona. Mayi Telala ali pa makilo 74, ndipo akhala pamenepo miyezi isanu ndi iwiri. Shuga wawo ali bwino. Khadi lawo la kuchipatala silikhalanso pansi pa mabatani. Analibaya pa msomali umene unkapachika suti, ndipo tsiku lake likafika amatseka shopu, ngakhale mayunifolomu atafika kudenga.

Anthu ambiri a mumzerewo ndi a ku siteji anakopera pepalalo, ndipo akafuna kudziwa nambala ya nthochi yakupsa kapena mpunga amafunsa pa chitseko chachitatu. Mayi Telala amayankha onse, pamtima, osayang'ana. Koma sapereka nambala yokha. Amatenga tepi n'kuyeza khosi, mapewa ndi mkono, n'kulemba pa kapepala kuti munthu asunge.

Mwezi wathawu kunabwera dalaivala wa basi ndi malaya atatu. Anati wayamba kudya bwino, thupi likutsika lokha, angomuchepetsera makolala. Mayi Telala analowetsa zala mu kolala imene anavala, n'kumufunsa makilo amene wataya ndi masabata ake. Anawerengera mumtima. Kenaka anapinda malaya aja n'kuwaika pa shelefu ya pamwamba.

“Awa akhala pano. Mukandionetse pepala la kuchipatala, ndisoka tsiku lomwelo.”

“Mayi, ine ndabwera kwa telala, osati kwa dokotala.”

“Ndamva. Chipatala chimatsegula seveni.”

Dalaivalayo anatuluka akung'ung'udza kuti matelala ndi ambiri m'tauni. Malaya ake akadali pa shelefu. Mayi Telala akamva basi ikuima, amatukula mutu pa makina n'kuyang'ana kutsidya kwa msewu.